Tchuthi pa famu ya ng'ombe ku Wyoming: kodi ndiwatengereko bambo anga?

Nabanda wa ku South Bend: Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso, ndipo ndikupempha amene anapitako andiyankhe mosabisa. Bambo anga akubwera kuchokera ku Mchinji mwezi wa Juni, adzakhala nafe miyezi itatu. Ali ndi zaka 68 ndipo moyo wawo wonse ndi ng'ombe. Anayamba kubusa asanalowe sukulu, lero khola lawo lili ndi ng'ombe 23. Ulendo watha tinawatengera ku Chicago kukaona nyumba zitalizitali. Anathokoza mwaulemu, koma ine mwana wawo ndinaona kuti mtima sunali pamenepo. Tsiku lomwe anasangalaladi ndi lomwe tinadutsa ku Shipshewana, ataona a Amish, alimi omwe sayendetsa galimoto, ali pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Anatiimitsa galimoto kawiri. Ndiye ndamva kuti ku Wyoming ndi ku Montana, kuno ku America, kuli mafamu a ng'ombe omwe amalandira alendo kwa sabata, mumagona konko, kudya konko, n'kumakwera mahatchi limodzi ndi abusa. Kodi ndi zoyenera munthu wamkulu ngati iwowa? Hatchi sanakwerepo chibadwire.

Bambo a Chisomo: Achemwali, ife tinapitako chaka chatha, ine, mayi akunyumba ndi ana awiri, pa famu ina kufupi ndi Sheridan, m'munsi mwa mapiri a Bighorn. Choyamba dziwani kuti malowa ali mitundu iwiri ndipo pa intaneti onse amaoneka ofanana. Ena ndi hotela chabe yokhala ndi mahatchi: dziwe losambira, chakudya chapamwamba, m'mawa mumakwera mahatchi mondondozana kwa maola awiri n'kubwerera. Ng'ombe mwina simuziona n'komwe. Ena ndi omwe amati working ranch, kutanthauza kuti eni ake amadya za ng'ombe, alendo ndi ndalama yongowonjezera. Kwa bambo, wachiwiriwu ndiye woyenera. Mukaimba foni funsani kuti ali ndi ng'ombe zingati, ndipo sabata yomwe mukufunayo kudzakhala ntchito yanji. Akayamba kukuuzani za dziwe ndi zakumwa, mwadziwa kale.

Nabanda wa ku South Bend: Zikomo achimwene. Munalipira zingati?

Bambo a Chisomo: Zinayandikira madola 2,800 munthu wamkulu mmodzi pa masiku asanu ndi limodzi, ana anatichotserako. Mmenemo muli malo ogona, chakudya katatu patsiku, ndi hatchi yako ya sabata yonse. Pamwamba pake pali msonkho ndi ndalama yothokozera antchito, yomwe malo ambiri amayembekezera kuti ikhale 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse. Ena amaiphatikiza kale, ena ayi, choncho funsiranitu. Ife tinapita pa galimoto, msewu wa I-90 ulendo wonse, masiku awiri, tinagona ku South Dakota. Pandege mutha kutera ku Billings, kuchokera pamenepo kukafika ku Sheridan ndi pafupifupi maola awiri.

Malume Gama: Pepani ana anga, ine ndilankhule zomwe zili kumtima. Ndalama imeneyo mukaisintha n'kuitumiza kumudzi, bambowo agula ng'ombe zingapo zawozawo, zobereka chaka ndi chaka. Munthu wabusa zaka makumi asanu ndi limodzi, dzuwa ndi mvula zili pamsana, lero mwana wake alipire kuti akabuse ng'ombe za munthu wina? Ine zimenezi sizikundilowa. Afunseni kaye eni akewo, mwina akuuzani kuti khola likufunika mitengo yatsopano.

Naphiri wa ku Seattle: Amalume akunena zoona pa ndalama. Koma si zonse zomwe timachitira makolo ziyenera kubereka.

Nabanda wa ku South Bend: Amalume, ndakumvani ndipo sindikunyoza. Za khola tinakonza chaka chatha, ngolo tinagula, mankhwala a nkhupakupa ndimatumiza mwezi ndi mwezi. Chomwe chimandiwawa n'chakuti bambo akabwera kuno amasanduka mwana. Zonse timawauza ndife: apa musadutse, batani ili musadine, uyu musamupatse moni wa pamanja. Munthu amene kumudzi anthu amabwera kudzamufunsa nzeru ng'ombe ikalephera kubereka, kuno amangokhala pampando kudikira kuti tiweruke. Ndikufuna sabata imodzi yokha akhale pamalo pomwe zomwe amadziwa zili ndi ntchito.

Malume Gama: Apo ndiye mwandigwira pakamwa, mwana wanga. Ine ndinaona mayi anga akufota chimodzimodzi m'nyumba ya ku Leeds. Komabe afunseni.

Bambo a Chisomo: Ndiwonjezere pa zomwe achemwali anenazi. Inenso ndinabusako ku Dowa ndili mwana, ndiye ndinapita ndikuganiza kuti palibe chachilendo. Ng'ombe ndi ng'ombe, zoona, koma kawetedwe ndi kena. Dziko la Wyoming ndi lalikulu kuposa Malawi kawiri ndi kupitirira, koma anthu ake sakwana 600,000, ndipo ng'ombe n'zambiri kuposa anthu. Mvula ndi yochepa, udzu ndi wapatalipatali, ng'ombe imodzi ndi mwana wake zimafuna maekala makumi angapo kuti zikhute chaka chonse. Choncho kulibe zotsekera m'khola madzulo. Ng'ombe zimagona kutchire miyezi yathunthu, ndipo hatchi si yosangalatsira, ndi miyendo ya mbusa. Wapansi sungazungulire busa limodzi tsiku lonse.

Chaka chawo chimayenda motere. Ng'ombe zimabereka chisanu chikamatha, cha mu Febuluwale mpaka Epulo. Kenako mathole amawasinda chizindikiro, kuwabaya katemera ndi kufula amphongo. Cha mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi amakweza gulu lonse kumapiri, kumalo a boma komwe amalipira chilolezo chodyetsera. Mu Sepitembala ndi Okutobala amazitsitsa, n'kugulitsa mathole. Ife tinagwa mu sabata yokweza kumapiri. Tinadzuka 5 koloko, kuli kuzizira koti mpweya wa mkamwa ukuoneka, pamene masana ake kunatentha zedi. Ng'ombe zakuda zopanda nyanga, za mtundu wa Angus, zoposa 300 pamodzi ndi ana ake. Alendo anatiika kumbuyo ndi m'mbali, ntchito yathu kungoonetsetsa kuti thole lisabwerere. Pakuti thole likasochera mayi ake limathamangira pomwe linayamwa komaliza, ngakhale pakhale mtunda wautali bwanji. Zimenezi ndinazidziwa kale ku Dowa, ndipo nditamuuza mwini famu anandiyang'ana ndi maso ena, kuyambira pamenepo tinayamba kucheza ngati anthu a ntchito imodzi. Phokoso lake silichoka m'makutu: amayi akulira kufuna ana, ana akulira kufuna amayi, fumbi lili kobo. Titafika pamwamba sitinachoke msanga. Tinakhala pa mahatchi pafupifupi ola lathunthu kudikira kuti ng'ombe iliyonse ipeze mwana wake. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 11, amene kunyumba sasiya foni, anakhala chete nthawi yonseyo akuyang'ana.

Naphiri wa ku Seattle: Achimwene, funso lomwe ambiri tikuliopa ndilifunse ine. Munali anthu akuda nokha? Anakulandirani bwanji?

Bambo a Chisomo: Tinali tokha, inde, pa famupo ngakhalenso m'masitolo ambiri a m'njira. Pa famu anatilandira bwino kwambiri, sindinganame. M'njira, pamalo ena omwetsera mafuta, bambo wina anatiyang'anitsitsa mpaka ana anazindikira, ndipo sizinandisangalatse. Sanalankhule kanthu. Malangizo anga ndi oti muimbe foni, osangolemba pa intaneti. Amve mawu anu, muwauze kuti mukubwera ndi bambo ochokera ku Africa omwe Chingerezi chawo n'chochepa. Mmene akuyankhireni pa foniyo mudziwa ngati ndi malo opitako.

Aphunzitsi Mbewe: Pa nkhani imeneyi ndiikepo mbiri pang'ono, chifukwa ana athu amakula akuganiza kuti cowboy ndi mzungu basi. Luso loweta ng'ombe uli pa hatchi linachokera kwa abusa a ku Mexico otchedwa vaquero, ndipo chishalo chokhala ndi nyanga kutsogolo, pomangirira chingwe, n'chochokera kwa iwo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, anthu akuda ambiri omasulidwa ku ukapolo analowa ntchito yoyendetsa ng'ombe kuchokera ku Texas, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amati mwina mmodzi mwa anayi alionse anali wakuda. Bill Pickett, munthu wakuda wa ku Texas, ndiye anatchukitsa masewera ogwetsa ng'ombe poigwira nyanga omwe amachitika m'ma rodeo mpaka lero. Zolandira alendo pa famu zinayamba ndi abale atatu a banja la Eaton ku Medora, ku Dakota, cha m'ma 1880. Anzawo a kum'mawa ankabwera kudzacheza n'kumakhalitsa, mpaka anayamba kulipira chakudya ndi malo. Mu 1904 anasamukira ku Wolf, kufupi ndi Sheridan komweko, ndipo famu yawo ilipobe. Bungwe la eni mafamu otere, Dude Ranchers' Association, linakhazikitsidwa mu 1926 ku Billings.

Koma pali china choti achemwali akawauze bambo. Malo amenewo anali a eni: a Crow, a Cheyenne, a Lakota. Pakati pa Billings ndi Sheridan msewu umadutsa m'dera la a Crow, ndipo pomwepo pali malo a nkhondo ya Little Bighorn ya mu 1876, pomwe a Lakota ndi a Cheyenne anamenyana ndi asilikali a boma la America. Imani, muone. Munthu wa ku Mchinji amene anaona maesiteti a fodya akudya minda ya anthu sadzafuna kumasuliridwa zambiri.

Nabanda wa ku South Bend: Aphunzitsi, zikomo. Zimenezi ndiwawerengera ana anga madzulo ano.

Dokotala wa ziweto, Lilongwe: Ndalowa mochedwa. Achemwali, zinthu ziwiri za ntchito yanga. Choyamba, bambo akamadzalowa ku America adzafunsidwa ngati anali pa famu kapena pafupi ndi ziweto. Ayankhe zoona, inde. Si mlandu, kwambiri amangoyang'ana ndi kutsuka nsapato. Chifukwa chake ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe kuno amatibukira kawirikawiri makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pamene ku America anatha mu 1929. Kachilombo kake kamatha kuyenda pa nsapato ndi zovala. Nsapato za kukhola azisiye ku Mchinji, mukawagulire zina kumeneko, ndipo eni famu muwauze tsiku lomwe bambo anachoka kumudzi. Pakadutsa milungu ingapo asanapite ku famuko, palibe wodandaula.

Chachiwiri, wina angafunse chifukwa chomwe ife tilibe mwambo wa mahatchi pomwe ng'ombe tili nazo. Si ulesi wa makolo. Kuno kuli matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha, ndipo hatchi yosabayidwa katemera kawirikawiri imafa. Onjezani kashembe m'madera a nkhalango. Abulu amapirira matendawa kuposa mahatchi, n'chifukwa chake ku Dedza ndi ku Lilongwe mumaona abulu pa ngolo.

Mnyamata wa ku Chintheche: Adokotala, komabe kwathu kuno aliko. Ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, alendo amakwera mahatchi kudutsa m'midzi, pomaliza amachotsa chishalo n'kulowa nawo m'nyanja. Ine ndinakwerako mu 2018. Kungoti si famu ya ng'ombe.

Mayi a Tadala, Bloemfontein: Kwa amene muli ku Joni kuno ndipo za ku America zili kutali, pitani ku Lesotho. Ku Malealea ndi ku Semonkong hatchi ndi galimoto ya munthu wamba, abusa amakwera atafunda mabulangete awo. Timahatchi take n'tatifupi koma tolimba pamiyala. Tinapita nato kukaona mathithi a Maletsunyane, madzi akugwa mamita 192. Mtengo wake munthu wa ganyu atha kuukwanitsa.

Nabanda wa ku South Bend: Ndibwerere pa za chitetezo. Zaka 68, bondo lamanzere limawavuta nyengo yozizira. Ndikuopa kugwa.

Bambo a Chisomo: Mantha amenewo ndi oyenera, musawataye. Pa gulu lathu mayi wina anagwa hatchi itadzidzimuka ndi mbalame yomwe inabuka m'tchire, anathyoka dzanja, ndipo chipatala chinali kutali. Musanyamuke opanda inshulansi ya zaumoyo ya bambo, ndipo muwerenge ngati ikuvomereza zokwera hatchi, chifukwa zina zimakana. Pofika amakusainitsani pepala loti mukudziwa kuti hatchi ndi nyama ndipo ngozi itha kuchitika. Pemphani helemeti. Abusa akumeneko amavala zipewa zawo zazikulu zija ndipo akuluakulu sawakakamiza, koma bambo avale ndithu. Nsapato zikhale zokhala ndi chidendene, kuti phazi lisalowerere m'chopondera, pakuti kugwa phazi litakodwa ndiye ngozi yoipitsitsa. Buluku la jinzi lalitali. Malo ambiri alinso ndi malire a kulemera kwa wokwera, amafunsiratu.

Za bondo muwauze wrangler, ndiye woyang'anira mahatchi. Atalikitsa zopondera pang'ono, ndipo pali kabokosi kokwererapo. Adzawapatsa hatchi yokhwima, yofatsa. Ambiri ndi a mtundu wa Quarter Horse, ozolowera ng'ombe moti nthawi zina hatchi imaona thole lothawa iwe usanalione. Tsiku loyamba asapitirire maola awiri. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ntchafu ndi msana zimawawa kwambiri, lachinayi thupi limavomera. Ndipo amwe madzi ambiri: kumapiriko mumakwera kufika mamita 2,500 kapena kuposa, mpweya ndi wouma, munthu umatopa msanga.

Sisi Chikondi, namwino: Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, aonane ndi dokotala asanapite, ndipo mankhwala akhale m'thumba la malaya, osati m'chikwama chotsala kunyumba yogona. Foni kumapiri sigwira.

Naphiri wa ku Seattle: Ine chomwe sindingapirire ndi chosinda ng'ombe ndi chitsulo chamoto. Ndinaona pa vidiyo, thole likulira, utsi uli tolo. Sindingalipire kuti ndikaonerere zimenezo, ndipo ana anga sindingawaonetse.

Dokotala wa ziweto, Lilongwe: Zimawawa, mayi, palibe wokana. Amachita chifukwa ng'ombe za anthu osiyanasiyana zimasakanikirana kumapiri, ndipo chizindikirocho n'cholembetsedwa ku boma. Pogulitsa kapena potulutsa ng'ombe m'dera, woyendera amabwera kudzachiona. Chikwangwani cha pakhutu chimatha kuthothoka kapena kudulidwa ndi wakuba. Ena amasinda ndi chitsulo chozizira kwambiri, chomwe chimayeretsa ubweya m'malo mootcha, ndipo ine ndimakonda njira imeneyo. Kwathu kuno tikanakhala ndi kaundula wolimba wotere, ng'ombe zobedwa sizikanamadutsa m'misika mosavuta chonchi. Amene simufuna kuona, pewani Epulo ndi Meyi, ndipo funsani za kumayambiriro kwa Juni.

Naphiri wa ku Seattle: Ndamva chifukwa chake, adokotala, koma mtima wanga sunasinthe.

Nabanda wa ku South Bend: Ndawaimbira bambo monga ananenera amalume. Mtengo sindinabise. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ng'ombezo zimadya chiyani chipale chofewa chikakwirira udzu. Ndinati sindikudziwa. Anati ndiye tipite tikaone. Tasungitsa malo sabata yachiwiri ya Julayi.

Malume Gama: Ngati eni ake avomera, ine ndilibenso mawu. Muyende bwino, mudzatiuze.

Nabanda wa ku South Bend: Abale, tabwerako dzana. Ndinalonjeza kudzanena, ndiye ndinene zonse, zabwino ndi zina.

Bambo anakwera masiku atatu mwa asanu ndi limodzi. Anawapatsa hatchi yofiirira ya zaka 19. Asanakwere anapempha kuti ayambe aipesa okha ndi kuigwira miyendo, akuilankhula m'Chichewa, ndipo mtsikana woyang'anira mahatchi anawasiya mpaka anakhutira. Tsiku lachitatu bondo linatupa, ndiye masiku otsalawo ankayenda pa galimoto ndi mwini famu, bambo wa zaka ngati zawo, kukaika mchere kumabusa ndi kuyendera zomwera madzi. Ine ndinkati ndizikhala pakati kumasulira, koma tsiku lachiwiri la maulendo a pa galimotowo anandiuza kuti ndipite ndikakwere hatchi yanga. Mmene ankamvanirana sindikudziwa. Madzulo ndinawapeza atatsamira mpanda, bambo akuonetsa ndi manja kutalika kwa linunda la nkhunzi yawo.

Sizonse zinawakomera. Anadandaula kuti ng'ombe zilibe mayina, zili ndi manambala pakhutu, ndipo kuti mathole amagulitsidwa asanathe chaka, mwini wake asanawadziwe n'komwe. Anati kumeneko n'kulima nyama, osati kuweta. Chakudyanso chinawatopetsa, nyama ndi mbatatesi tsiku ndi tsiku. Mwamwayi ndinatenga ufa, ndipo amayi ophika anandilola kuphika nsima Lachinayi, abusa awiri anadya nafe. Chondikhumudwitsa ine n'chakuti anatiuza pa foni kuti kudzakhala kusamutsa ng'ombe masiku atatu, koma kunachitika tsiku limodzi lokha, chifukwa gulu lalikulu anali atakweza kale kumapiri. Amene mukufuna ntchito imeneyo pitani kumapeto kwa Juni kapena mu Sepitembala, ndipo akulembereni.

Yankho la funso lawo analipeza. Julayi ndi nyengo yodula udzu. Anaona makina akudula, kuuyanika, n'kuukulunga m'mitolo ikuluikulu yoposa msinkhu wa mwana, yosanjidwa mizere kuseri kwa nyumba. Mwini famu anawafotokozera kuti m'chisanu cha 1886 mpaka 1887 ng'ombe zambirimbiri zinafa ndi njala m'zigwa zimenezo chifukwa eni ake ankadalira kuti zidzafukula udzu zokha, ndipo kuyambira pamenepo woweta aliyense amasunga udzu. Bambo anandiuza kuti ndimasulire mawu ndi mawu. Kenako anati chisanu chathu ndi Okutobala, pamene ng'ombe zimaonda mpaka kuwerenga nthiti, ife titatentha mapesi mu Ogasiti. Usiku womwewo anaimbira mchimwene wanga ku Mchinji kuti mapesi a chimanga ndi zotsalira za mtedza asaotche, azisonkhanitse.

Malume Gama: Mwana wanga, ndawerenga kawiri. Muwapatse moni bambo.

Dokotala wa ziweto, Lilongwe: Achemwali, muwauze achimwene anuwo kuti asaunjike pansi, chiswe chitha zonse. Amange thandala lokwera ngati la nkhokwe, pamwamba afolere, ndipo za mtedzazo ziume bwino zisanasanjidwe, zikachita nkhungu ng'ombe zisadye. Bambo akabwerera mu Sepitembala mundiuze, ndili ndi ulendo wa ku Mchinji mwezi umenewo.

Mayi a Tadala, Bloemfontein: Nanga ana anu, achemwali? Simunatiuze.

Nabanda wa ku South Bend: Wamkuluyo akufunsa ngati agogo angamupatse thole limodzi likhale lake. Agogo avomera, koma ati dzina akalitchule yekha, ali m'kholamo.